MALANGIZO A SABATA INO: Penti Wong'aluka pa Galimoto

Alimi anzathu a kwa Mposa, tamverani. Galimoto yakale imene imakunyamulirani mpunga ndi matemba kupita ku Liwonde kapena ku Zomba ingathe msanga ndi dzimbiri. Madzi a nyanja ya Chilwa ali ndi mchere, pakuti palibe mtsinje wotulukamo. Dzuwa likang'alula penti, matope amcherewo amalowa m'ming'alu nayamba kudya chitsulo.

Kupaka penti watsopano pamwamba pa ming'alu ndiko kutaya ndalama, chifukwa dzimbiri limadyabe pansi pake. Chitani chotere:

1. Tsukani galimoto ndi sopo ndi madzi opanda mchere, iume bwino.
2. Palani ndi sandipepa malo onse ong'aluka kufikira chitsulo chiwale.
3. Tsiku lomwelo pakani penti wofiira woletsa dzimbiri.
4. Akauma, pakani penti wa pamwamba kawiri, mopyapyala, pamthunzi popanda fumbi.

Musafulumire ai, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ntchitoyi ithe mu Okutobala, mvula isanagwe. Ngolo ndi njinga zanu muzichitenso chimodzimodzi.