Mlandu Suola

Makolo athu, amene ankaweruza milandu pansi pa mkuyu popanda cholembera kapena kabati yosungiramo mapepala, adatisiyira mawu akuti mlandu suola. Ndipo aliyense wofuna umboni wa mawuwa angoyang'ana mbiri ya Admiralty, likulu limene linkayendetsa zombo zankhondo za Britain m'zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, pakuti makalata ake, amene lero akusungidwa ku Kew mumzinda wa London, akuimbabe mlandu akuluakulu amene adapita kale kulichete.

Idali nthawi ya kuchepetsa zonse. Mu 1919 boma lidalamula kuti asilikali asayembekezere nkhondo yaikulu kwa zaka khumi, ndipo mu 1922 pangano la ku Washington lidaika malire pa zombo zikuluzikulu za Britain, America, Japan, France ndi Italy. Koma wolemba mbiri C. Northcote Parkinson, atasanthula ziwerengero, adapeza kuti pakati pa 1914 ndi 1928 zombo zikuluzikulu zidatsika kuchoka pa 62 kufika pa 20, asilikali a pamadzi kuchoka pa 146,000 kufika pa 100,000, pomwe ogwira ntchito m'maofesi a Admiralty adachuluka kuchoka pa 2,000 kufika pa 3,569. Alembi onsewa analipo, komabe tsiku limene kalata imodzi idafunika kufika msanga, idachedwa.

Mu September 1931, chuma cha dziko chitagwedezeka, boma lidadula malipiro a antchito ake, ndipo mmalinyero wamba amene adalembedwa ntchito chisanafike chaka cha 1925 adayenera kutsika kuchoka pa masheleni anayi patsiku kufika pa atatu. Kwa bwana wa m'maofesi a boma ku Whitehall sheleni imodzi idali kanthu kochepa. Koma kwa munthu amene mkazi wake ankadikira ndalamayo kuti alipire lendi, agule malasha, ndi kubweza pang'onopang'ono ngongole ya bedi ndi mipando, lidali gawo limodzi mwa magawo anayi a moyo wa banja lonse. Choipitsitsa n'chakuti zombo za Atlantic Fleet zitafika padoko la Invergordon ku Scotland, amalinyero adaimva nkhaniyi m'manyuzipepala, kalata yofotokoza zifukwa isanafike n'komwe m'manja mwa Wilfred Tomkinson, amene ankagwirizira udindo wotsogolera zombozo chifukwa mkulu wake, Michael Hodges, adali chigonere m'chipatala.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amunawo adasonkhana m'kantini kumtunda, ndipo m'mawa wa pa 15 September, pamene lamulo lidaperekedwa kuti zombo zinyamuke, a m'zombo monga Valiant, Rodney ndi Hood adakana kuzula nangula, nadzaza kutsogolo kwa chombo, akufuulirana ndi anzawo a m'zombo zoyandikana. Komatu sadakweze dzanja pa mtsogoleri aliyense, ndipo ntchito zoteteza chombo adazigwirabe. Mawa lake Admiralty idalamula kuti zombo zibwerere kumadoko akwawo, pa 21 September Britain idasiya kumangirira ndalama yake pa golide, ndipo boma lidavomera kuti pasakhale wodulidwa zoposa gawo limodzi mwa magawo khumi, chinthu chimene likadachita poyamba popanda chipolowe.

Tsono mlandu udagwera yani? Austen Chamberlain, nduna yoyang'anira Admiralty, adalonjeza m'Nyumba ya Malamulo kuti zakale siziti zikumbidwe, koma pasanapite nthawi amalinyero ambiri adachotsedwa ntchito, ndipo mu 1932 Tomkinson adasenzetsedwa cholakwa natsitsidwa pampando. Ngakhale dzina la Atlantic Fleet lidafafanizidwa, nkukhala Home Fleet. Koma zimene zidalembedwa zidalembedwa. Olemba mbiri, monga Stephen Roskill, atafukula makalata aja ndi kuika masiku ake pamzere, adaona kuti moto udayambira kulikulu, kumene adavomera kudula asanayeze kulemera kwa katundu, nazengereza kuuza omusenza.

Ife a masiku ano tisaseke Angerezi, pakuti nthendayi tili nayo. Ndi kangati mphunzitsi, namwino kapena mlonda amamva pawailesi kapena pa WhatsApp kuti alawansi yake yachotsedwa, bwana wake asanamuitane n'kumukhazika pansi? Munthu amapirira njala akauzidwa mwaulemu chifukwa chake, akaonanso kuti akuluakulu amanga nawo lamba. Chimene sapirira ndicho kuyesedwa wosayenera ngakhale kuuzidwa. Ndipo zinthu zikaphulika, chizolowezi chathu ndi chija cha ku Whitehall, chofunafuna wamng'ono woti aphedwere nsembe, kuiwala kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

N'chifukwa chake ndikuti kalaliki wosunga mafailo, amene ambiri amamuyesa wapansi, ndiye mboni ya anthu opanda mawu, ndipo ofesi imene imalola chiswe kudya mabuku ake ikubera adzukulu chilungamo. Mtsogoleri aliyense amene ali pafupi kusaina chikalata chodula malipiro ayambe watsika kukafunsa mtengo wa ufa ndi lendi, auze anthu ake ndi pakamwa pake nkhani isanatuluke kunja, kenaka alembe tsiku ndi dzina lake momveka bwino, kuti zikadzavuta pasadzapezeke Tomkinson wina womusenzera katundu.