Fumbi la pamalo omanga liyezedwe

Mmisiri akamadula matailosi kapena mabuloko a simenti ndi girayinda, fumbi limam'kuta mpaka nsidze kuyera mbuu. Ambiri amangomanga kansalu pamphuno, ntchito n'kumapitirira. Chikhalirecho, fumbi loopsa kwambiri silioneka ndi maso. Ndi tizidutswa ta silika tochepetsetsa, tomwe timapyola kansaluko n'kukafika mkatikati mwa mapapo, kumene timasiya zipsera zosapola. Nthenda yake, silicosis, ilibe mankhwala ochiza, ndiponso wodwalayo sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB.

Njira yoyezera fumbili ilipo kale. Wantchito amamangirira kapampu m'chiuno, kapaipi kake n'kukwera mpaka pakolala, pafupi ndi mphuno. Pamenepo pamakhala kachipangizo kotchedwa cyclone, kamene kamapatula fumbi lalikulu kuti losalalitsitsa lokha ligwidwe pa kasefa. Akaweruka, kasefako kamapita ku labotale, komwe amakayeza kulemera kwake ndi kuchuluka kwa silika. Ku America, bungwe loona za chitetezo cha pantchito la OSHA linakhazikitsa mu 2016 malire a ma microgram 50 a silika pa cubic metre imodzi ya mpweya, pa maola 8 a ntchito. Dziko la Australia linaletsa kuyambira pa 1 July 2024 miyala yochita kupanga ya pamakauntala a m'khitchini, amisiri ambiri, ena achinyamata ndithu, atadwala silicosis.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Azibambo amene anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Teba, ena anabwerako akutsokomola osaleka. Makampani a migodi anavomera mu 2018 kupereka chipukuta misozi cha R5 biliyoni, ambiri mwa odwalawo atatisiya kale.

Lero boma likulimbikitsa mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha, pofuna kuteteza mitengo. N'zabwino, koma ndiye kuti odula simenti akuchuluka.

Ife tikuti lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 lisangokhala m'mabuku. Oyendera malo antchito a ku Unduna wa Zantchito apatsidwe mapampu, azifika pamalo omanga macheka ali mkati molira, ndipo zotsatira zake antchito azizimva. Nalo bungwe loyang'anira ntchito zomanga lizifunsa makontirakitala akuluakulu zotsatira zoterezi. Pakadali pano, kontirakitala aliyense agule macheka othira madzi pamene akudula, komanso apereke zotchinga pamphuno zenizeni zamtundu wa N95 kapena FFP2.