Kodi mtsuko upita ndi agogo?

Tsiku lamsika pa Nsaru, Namitete kapena Kabudula, zidebe zapulasitiki ndi mapoto a chitsulo ndizo zimadzadza m'mabenchi. Miphika yadothi ukaipeza imakhala kumapeto, pansi pa mtengo, ndipo ogulitsa ake kawirikawiri ndi amayi achikulire. Funso nlakuti amayiwa akadzatsamira mkono, adzaumbe mtsuko, nkhali ndi mbiya ndani?

Luso limeneli si ladzulo. Pa Mankhamba, ku Dedza, pomwe padali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza mapale ochuluka osonyeza kuti Amaravi ankaumba zaka mazanamazana zapitazo. Mpaka lero mtsuko umaziziritsa madzi popanda magetsi, ndipo nyemba za mumphika wadothi kukoma kwake nkwina.

Koma woumba amavutika. Akakumbe dothi kudambo, alisinje, aumbe, adikire kuti ziume, kenaka asake nkhuni zootchera, zomwenso zikusowa. Zina zimasweka pamoto, zina panjinga popita kumsika. Wogula akafika amanenerera ngati akugula tomato. Mtsikana woona zonsezi sangasirire ntchito ya amayi ake.

Anzathu a ku Japan adaliona msanga vutoli. M'chigawo cha Oita muli kamudzi kotchedwa Onta, komwe mabanja osapitirira khumi akhala akuumba mbale ndi mitsuko kwa zaka zoposa 300. Dothi amasinja ndi misi yoyendetsedwa ndi madzi amumtsinje, amaotcha ndi nkhuni, ndipo luso limachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Pa chiwiya salembapo dzina la woumba, koma la mudziwo. M'chaka cha 1995 boma lidalengeza kuti kaumbidwe ka ku Onta ndi chuma chafuko choyenera kutetezedwa. Dzina la mudzi lidasanduka chizindikiro, ndipo ogula amachokera kutali kukagula pamtengo wabwino.

Chochititsa chidwi nchakuti ku Oita komweko ndiko kudayambira One Village One Product mu 1979, pansi pa bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu. Pulogalamuyi idafika kuno mu 2003, nthawi ya Bakili Muluzi, ndipo idadziwika ndi zinthu monga uchi ndi mafuta ophikira. Mfundo yake idali yoti mudzi utukuke ndi zomwe uli nazo kale. Nanga dothi la m'madambo a ku Mpingu ndi Nambuma sichuma?

Msika ulipo. Dedza Pottery, yomwe idayamba mu 1987, idaonetsa kuti dothi la kuno limagulidwa ngakhale ndi alendo akunja.

Bungwe la UNESCO lidavomereza Gule Wamkulu mu 2005 ndi nsima mu 2017 ngati chuma cha chikhalidwe. Mphika womwe udaphika nsimayo mibadwo yonseyi ukudikirabe. Mafumu ndi khonsolo ya Lilongwe angayambe nkuwerenga oumba otsala, kuwapatsa malo abwino pamsika ndi kuwathandiza kupanga magulu. Ifenso ogula tileke kunenerera mpaka woumbayo abwerere kwawo wopanda ndi ya mchere yomwe.