Namgumi Amene Anafera Kumtunda

Tsiku lina tikuphunzitsa za chigwa cha Shire, ana a Sitandade 7 anatifunsa ngati mapiri a Chikala ndi chigwa cha Liwonde zinali chomwechi chiyambire. Tinawayankha ndi nkhani ya namgumi, ndipo tayesa nkwabwino kuti inunso makolo muimve.

Pali anamgumi ena a mlomo wosongoka amene amakhala m'nyanja zamchere zozama. Akafa amamira, matope nawakwirira, ndipo m'kupita kwa zaka zosawerengeka mafupa awo amasanduka mwala. Asodzi a ku South Africa akhala akuvuula zigaza zotere ndi makoka awo. Zimenezo sizidabwitsa, pakuti kumeneko nkwawo kwa anamgumi.

Chodabwitsa chinaoneka mu 1964 ku Loperot, m'dera la Turkana ku Kenya. Kumeneko James Mead anapeza chigaza cha namgumi wotere pamtunda pouma, makilomita 740 kuchokera ku nyanja yamchere, pamalo okwera mamita 620. Taganizani, Nyanja ya Malawi imene ili pa mamita 470 ndi pang'ono chabe! Ndiponso chigazacho sichinali m'matope a m'nyanja ayi, koma m'dothi losiyidwa ndi mtsinje wakale.

Akatswiri akuti zaka 17 miliyoni zapitazo namgumiyu anasochera, nalowa mumtsinje, nasambira chokwera kufikira anafera komweko. Tsono namgumi sakwera mathithi. Akadalowa mu Shire, a Kapichira akadambweza. Motero dziko lija linali chidikha pa nthawiyo, lokwera pang'ono chabe kuposa nyanja, ndipo linatukuka pambuyo pake. Kutukuka kotere kumayenda pamodzi ndi kung'ambika kwa nthaka kumene kunapanga chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, ndipo nthambi ina ya chigwacho ndi muno mmene muli Malombe ndi Shire wathu.

Chomvetsa chisoni nchakuti chigazacho chinasowa zaka zoposa 30, osati m'tchire, koma m'nyumba za anthu ophunzira! Chinapezeka mu 2011 pa yunivesite ya Harvard. Amene analimbikira kuchifunafuna ndi Louis Jacobs, yemwe uja anafukula mafupa a Malawisaurus ku Karonga. Malo enieni a ku Loperot anawazindikiranso chifukwa a paulendo wa 1964 analemba bwino pamene anachitola.

M'mawa mwake mtsikana wina anabwera m'kalasi ndi fupa limene analipeza polima kwawo ku Ulongwe. Linali la ng'ombe, komabe tinalemba tsiku ndi malo ake m'kope.