Ma promotion ya motoka, ife tili mu matika

December yafika, ma car yard mu Kafue Road yapachika ma banner ya discount na free service. Ba dealer sitibakwiyila iyayi. Afuna kuchotsa stock chaka chisanasile, ndiye business. Funso yathu ni imodzi chabe: ni ndani agula?

Yendani pang'ono kuchoka pa tala mungene mu Misisi. Mayi agula pamela chifukwa 25kg ya unga yamukanga. Mvula ikagwa, manzi yangena mu nyumba, ma toilet yasefukila. Mu January 2024 odwala cholera anagonekedwa ku Heroes Stadium. Taiwala?

Mu December 2021, miyezi inayi chabe atangena mu boma, ba UPND anachotsa subsidy pa mafuta. Mafuta yakadula, bus ikwela, tomato pa Soweto nayo ikwela. Manje ba minister apita pa Kafue Road mu VX, ma glass yotseka, osayang'anako kumbali.

Ba Misisi, ise sitipempha discount ya Hilux. Tifuna ma drainage, manzi yabwino na unga wochipa. Sungani NRC na voter's card pouma, manzi yasaononge. Tikaonana pa ballot.