Za Amisiri: Kabokosi Kokalipitsa Gitala

Amene anamvapo nyimbo za malemu Paul Ngozi wa ku Zambia, wa m'zaka za m'ma 1970, akukudziwa kulira kwa gitala kosasa mawu, kokhala ngati njuchi zatekeseka mu mng'oma. Kulira kumeneku sikuchokera m'zala zokha ayi. Pamakhala kabokosi kachitsulo kamene woimba amakaponda ndi phazi, oimba amakatcha pedal. Masiku ano anyamata a mabandi ndi a makwaya akumakhala nato tibokosi totere, tambiri takale, tobwera ndi abale ochokera ku Joni. Kakayamba kuvuta kapena kulira mosakomera mwini wake, ulendo ndi wa kumsika kwa mmisiri wa mawailesi.

Ntchito ya kabokosika si yozizwitsa. Kamakuza mawu a gitala kwambiri, kenaka tizipangizo tiwiri totchedwa ma diode timadula nsonga za mawuwo, ndipo kudulako ndiye kusasa kumene kumamveka. Diode ya silicon imayamba kudula pa volti pafupifupi 0.6, ya germanium pa 0.3. Mmisiri akachotsa ma diode n'kuikapo timagetsi tofiira tija timayaka pa wailesi, gitala imalira mokweza koma mosasasa kwambiri, chifukwa timagetsito timachedwa kudula. Kusintha kumeneku n'kwabwino, pakuti mwini wake akadandaula zakale zija zimabwezeredwapo.

Vuto lili pakhomo polowera chingwe cha gitala. Pamenepo, mu tibokosi ngati Boss DS-1 ya 1978 ndi Ibanez Tube Screamer ya 1979, pali transistor imodzi imene sikuza mawu ngakhale pang'ono. Dzina lake ndi buffer. Mmisiri wozolowera mawailesi akaiyeza n'kupeza kuti cholowa ndi chotuluka n'chimodzimodzi, angaganize kuti ikungodya batire, n'kuilambalala ndi kawaya. Apo ndiye waononga.

Chifukwa chake n'chakuti magetsi ochokera m'gitala ndi ofooka. Amapangidwa ndi maginito ndi waya woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo zikwi zingapo pansi pa nsambo. Magetsi otere akayenda m'chingwe chachitali, mawu ang'onoang'ono okwera aja amatsalira m'njira. Chingwe chikapitirira mamita 5 kapena 6 khutu limayamba kumva: gitala imalira ngati yafunditsidwa bulangete. Buffer imalandira magetsi ofookawo mosawalemetsa, n'kuwatumiza patsogolo ali ndi mphamvu zoyendera. Zili ngati ngolo ya mbatata yopita ku Ulongwe imene yasinthidwa ng'ombe panjira. Katundu sanaonjezeke, koma tsopano akwera chitunda osatsitsako thumba.

Komatu buffer sibweza zimene zatayika kale. N'chifukwa chake paukwati kapena pa tchalitchi, pamene amplifaya yaikidwa kutali pafupi ndi batire ya galimoto, chingwe chachifupi chiyenera kuchoka pa gitala kufika pa kabokosi, ndipo chachitalicho chichoke pa kabokosi kupita ku amplifaya. Ambiri amachita zosemphana pofuna kumavina momasuka, kenaka amanamizira gitala.

Tsono pali mtundu wina umene sugwirizana ndi buffer. Fuzz Face, imene inayamba kupangidwa ku London mu 1966 ndipo Jimi Hendrix ankaigwiritsa ntchito, ili ndi ma transistor awiri okha basi. Imeneyi imafuna kuyamwa kuchokera ku gitala mwachindunji. Ikalumikizidwa choncho, woimba akangotsitsa pang'ono voliyumu ya pa gitala kusasa kumatha, mawu n'kuyera, akakwezanso njuchi zija zabwerera. Patsogolo pake pakakhala buffer ufulu umenewu umatha, ndipo kulira kumakhala kolasa m'makutu. Choncho amene ali ndi tibokosi tiwiri ayambe ndi ka fuzz, ka Boss kabwere pambuyo. Mmisiri amene wamva kuti buffer ndi yabwino asathamangire kuiika paliponse, ayambe wafunsa mwini wake kuti kabokosiko ndi kamtundu wanji.

Chinanso chosokoneza anthu n'chakuti mu tibokosi ta Boss buffer imagwira ntchito ngakhale kabokosi kasanapondedwe. Batire ya mavolti 9 ikatha, gitala imangoti zii, ndipo woimba amayesa kuti kapsa. Kusiya chingwe cha gitala chili cholowetsa usiku wonse kumadya batire, pakuti chingwecho ndicho chimayatsa. Oika adaputala ya wailesi m'malo mwa batire achenjere: pa Boss kachitsulo ka pakati ndi negetivu, pamene maadaputala ambiri a mawailesi pakati ndi pozitivu. Kulakwitsa pamenepa kungapsereze kabokosi kamene zipangizo zake sizipezeka pafupi.

Fuzz ya ma transistor a germanium nayo imadana ndi kutentha. Ikasiyidwa padzuwa la mu Okutobala imasintha kaliridwe, nthawi zina mpaka kumadukizadukiza mawu. Imeneyo safulumira kuitengera kumsika, amangoiika pamthunzi kuti izizire.