Kodi Nyenyezi Angaimangire Mpanda?

Mwezi uno tiyeni tikweze maso kuthambo.

Dzuwa limawala kumbali zonse, koma dziko lathuli limalandirako gawo limodzi lokha mwa magawo oposa 2 biliyoni a mphamvu yake. Yotsalayo imangomwazika mumlengalenga. M'chaka cha 1960, katswiri wa sayansi Freeman Dyson, wa ku Princeton m'dziko la America, analemba kuti ngati kwinakwake kuli zamoyo zanzeru zotiposa, tsiku lina mphamvu za dziko lawo zidzawachepera. Pamenepo zikhoza kuzinga nyenyezi yawo ndi zipangizo zosawerengeka zokolola kuwala, zonga mapanelo a sola, zomayenda moizungulira ngati njuchi pamng'oma.

Dyson ananenanso njira yofunira mpanda wotere. Chinthu chomeza kuwala chimatentha, ndipo kutenthako makina amakuyeza ngakhale maso sakuona. Choncho nyenyezi yozingidwa ingaoneke yoziya, koma yotulutsa kutentha kochuluka.

Mu 2015, Tabetha Boyajian ndi anzake analengeza za nyenyezi yotchedwa KIC 8462852. Makina oonera zakutali a Kepler anaiona ikuchepa kuwala, nthawi ina ndi magawo 22 pa 100 alionse, pomwe pulaneti lalikulu ngati Jupiter likadatchinga pafupifupi gawo limodzi lokha. Mphekesera inawanda kuti mpanda wa Dyson wapezeka.

Akatswiriwo sanapupulume. Anthu wamba anasonkha ndalama kuti nyenyeziyo ipitirire kuyezedwa, ndipo mu 2018 kunadziwika kuti kuwala kobiriwira ngati thambo kumatchingika kwambiri kuposa kofiira. Chitsulo chikadatchinga mitundu yonse mofanana. Chimene chimasefa kuwala chotero ndi fumbi losalala, monga momwe utsi wa lupsa umafiiritsira dzuwa m'chilimwe. Kufikira lero palibe mpanda wa nyenyezi umene watsimikizika.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana athu akumva zodabwitsa zambiri pa lamya ndi pa wailesi. Mwana akabwera ndi nkhani yotere tisamuseke, pakuti tikhoza kuzimitsa chidwi chake. Komanso tisangovomereza, pakuti tingamuzoloweze kumeza chilichonse. Tikhale naye pansi ndi kufunsa: anayeza ndani, anayeza motani, ndipo atayezanso anapeza chiyani? Mwana wozolowera mafunso atatuwa sadzanyengeka msanga, kaya pa za nyenyezi, za mankhwala kapena za ndalama.